Dziwe Latsopano la Adona

Adona ndi mvuu. Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, mwendo wawo wakumbuyo wakumanzere ndi wolumala, ndipo ine ndawasamalira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamalo athu osungirako nyama zakutchire. Dzinali anawapatsa mkulu amene ndinamulowa m'malo pantchitoyi, chifukwa Adona sadya udzu wodulidwa dzulo, ndipo ukawaitana amabwera nthawi imene afunira eni ake.

Amakhala m'dziwe lamatope kuseri kwa khola la anyani. Madzi ake munthu amamulekeza m'chifuwa. Mbali yakum'mawa kuli potsetsereka padothi, pamene amatulukira pang'onopang'ono akukoka mwendo uja. Dziwelo si lokongola, sindikana. Limanunkha, ndipo alendo akabwera amangoona makutu awiri ndi mphuno. Ana ena amalira kuti anamizidwa.

Chaka chatha tinalandira bwana watsopano. Sabata isanathe anali atapata kale dzina, a Masomphenya, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Ine sindinathamangire kuwanyoza. Ankafika nthawi yabwino, ankapereka moni, komanso anakonzetsa chimbudzi cha ogwira ntchito chimene chinakhala chotseka zaka zisanu. Vuto lawo linali limodzi basi: nyama ankaziopa. Akamadutsa pakhola la mkango ankakumbukira kuti ali ndi foni yoti ayang'ane.

Tsiku lina anatisonkhanitsa m'chipinda chodyeramo n'kuvundukula nsalu patebulo. Pansi pake panali paki yathu yonse yopangidwa ndi makatoni, timitengo tathonje ndi tinyama tapulasitiki.

"Anzanga, masiku osunga nyama m'matope atha," anatero. "Uku kukhala malo odyera. Uku kogulitsira zidole. Apa pali dziwe lakale lija padzakhala poimika magalimoto. Koma mtima wa masomphenya athu ndi uwu."

Analoza kadziwe kobiriwira kokhala ndi galasi mbali imodzi. Wojambula mapulani, mwamuna wamtali amene ankavala chisoti choyera ngakhale m'nyumba, ndiye anafotokoza. Iyeyu tinkamutcha a Chisoti.

"Mlendo azidzatsika apa n'kuima kuseri kwa galasi," anatero a Chisoti. "Mvuu izidzasambira pamaso pake, m'madzi oyera ngati akumwa."

Mayi wosamalira anyani, mnzanga wapantchito amene pakamwa pake palibe chitseko, anandigunda ndi chigongono.

"Achimwene, Adona akwatiwa kwa olemera. Muwagulire sopo wonunkhira."

Ine ndinaimika dzanja. "Pepani bwana, mvuu sisambira."

Chipinda chonse chinaseka, mpaka ophika amene anangobwera kudzatenga makapu.

"Nanga m'madzimo imakachitamo chiyani, akulu?" anafunsa a Chisoti. "Kuchapa?"

"Imayenda pansi, bwana. Ndi yolemera, siyandama. Ikafuna mpweya imadzikankha ndi miyendo yakumbuyo. Adona mwendo umodzi ulibe mphamvu."

"Akulu, ine ndaona mavidiyo ambirimbiri."

"Nkhawa yanu tayimva," anatero a Masomphenya mokoma mtima. "Ilembeni, muyiponye m'bokosi la maganizo."

Bokosi limenelo lili pakhoma panja pa ofesi. Kiyi wake anasowa kalekale, ndipo muli chisa cha mavu. Ndinalemba ndithu n'kuponyamo, mavu n'kundiyankha pachala.

Ndinapempha pepala lenileni la pulani, ndipo Lamlungu masana ndinaliyala patebulo kunyumba, n'kulitsindika ndi mbale kuti lisapindike. Kuwerenga manambala a mapulani ndinaphunzirako kusukulu yamadzulo. Ndinawerenga kawiri, poganiza kuti mwina wolakwa ndine. Kuya kwa dziwe, mamita anayi. Pansi ndi m'makoma, matailosi. Potulukira, masitepe asanu ndi limodzi, ngati apakhomo pa banki.

Mkazi wanga ankachapa ovololo yanga pakhonde.

"Abambo ake, mwana wanu wamkazi atadwala chikuku simunakhale patebulo chonchi," anatero.

"Mwana anali ndi inu. Adona ali ndi ine ndekha."

"Akakuchotsani ntchito, Adonawo adzatigawira udzu?"

"Akalowa umu amira, mayi."

Anasiya kuchapa, nabwera kudzasuzumira papepala, thovu lili m'manja. Anayang'ana masitepe aja nthawi yaitali.

"Awa ngakhale mayi anu sangakwere," anatero, n'kubwerera kubeseni.

Ndinalemba makalata atatu, ulendo uno n'kupereka pamanja kwa mlembi. Yoyamba anandiyankha kuti akuthokoza chifukwa cha chidwi changa. Yachiwiri anati nkhaniyo ili m'manja mwa akatswiri. Yachitatu anandikumbutsa kuti mapepala a ofesi ndi a ntchito za ofesi. Dokotala wa nyama, mayi wofatsa amene amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, nayenso analemba. Iye anamuthokoza chifukwa cha chidwi chake kawiri.

Ntchito yomanga inatenga miyezi isanu ndi iwiri. Anyani anaphunzira kuba misomali. Nthiwatiwa inameza kiyi wa wosakaniza simenti. Dziwe litatha, a Chisoti anandiitana kuti ndikaone, madzi asanathiridwe. Tinatsikira pansi. Kunena zoona, chinali chinthu chokongola. Mawu athu ankamveka ngati tili m'tchalitchi. Pakona imodzi panali makwerero achitsulo onyezimira.

"Tamvera madandaulo anu, akulu," anatero. "Taikamo potulukira pachiwiri."

Ndinawayang'ana kumaso kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka.

"Makwererowa ndi a Adona, bwana?"

"Ndi a aliyense. Malamulo a zomangamanga amati dziwe lozama chonchi lizikhala ndi makwerero."

Kalata ya ndondomeko inatuluka Lolemba. Lachinayi, kusamutsa mvuu. Loweruka, kutsegulira, ndi riboni ndi alendo olemekezeka. Lolemba linalo, katapila adzakwirira dziwe lakale.

Adona satsatira munthu wina koma ine. Ndikatenga makabichi mudengu n'kumaguguda chidebe, amanditsata kulikonse. Choncho ndinalowa mu ofesi n'kunena kuti sindiwatsogolera kumanda.

"Palibe vuto," anatero a Masomphenya. "Ndalankhula kale ndi kampani ina. Amabwera ndi mfuti ya mankhwala ogonetsa, kenako amakoka ndi zingwe."

Dokotala anali atandiuza kale kuti mvuu ya msinkhu umenewu ikagonetsedwa ndi mankhwala, kawirikawiri sidzukanso. Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja. Ndikawatsogolera, amira. Ndikakana, awabaya.

"Ndiwasamutsa ndekha, bwana," ndinatero. "Koma titsate buku."

"Ndi zimene ndimafuna kumva! Mwaona? Masomphenya amalowa pang'onopang'ono."

Pantchito yathu pali lamulo lakale, lolembedwa m'buku lachikuto chakuda limene limakhala m'nyumba yosungiramo zakudya za nyama. Nyama suyisamutsira pamalo opanda fungo lake. Kutatsala tsiku limodzi, umatenga ndowe zake za tsiku lathunthu n'kukazithira m'khola latsopano, kuti ikafika imve fungo lake n'kudziwa kuti ndi kwawo. Tinatero posamutsa nungu. Tinateronso ndi agwape. Za nungu zimakwana m'chitini. Pali ndi fomu yake, ndipo ndinailemba bwinobwino: kuika fungo la nyama m'malo atsopano. A Masomphenya anasayina akuyankhula pafoni, n'kudinda chidindo mwamphamvu mpaka kapu inanjenjemera.

Lachitatu m'mawa dziwe linali lodzaza. Madzi anali mbee, pampu ikulira pansipansi ngati mphaka wokhuta. Ndinavala jombo n'kutenga wilibala ndi fosholo. Sindinawonjezere kalikonse, ndikulumbira. Ndinatola za pamtunda, n'kuvuula zimene ndinatha kuvuula m'dziwe lakale. Zinakwana wilibala zitatu.

Ndikukhuthula yoyamba, mayi wa anyani anafika akuthamanga.

"Iii achimwene, mukutani? Ntchito yabodza imeneyo. Adona satula malo amodzi ngati munthu wamanyazi. Patseni fosholo."

Ankanena zoona. Mvuu ikamadzithandiza imapukusa mchira ngati chopepera mphepo, zonse n'kumwazika mbali zonse. Choncho mayiyo anayamba kuponya ndi fosholo, uku ndi uku, pagalasi, pamasitepe, pakhoma, akuimba kanyimbo. Anyani anakwera pamwamba pa khola lawo kuti aone bwino.

Ola lisanathe madzi anasanduka ngati tiyi wamkaka wochepa. Kenako ngati tiyi wopanda mkaka. Timaudzu tosagayika tinayandama n'kupita tonse pakamwa pa sefa. Pampu inatsokomola kawiri, inalira ngati mbuzi yomangidwa, n'kukhala chete.

A Masomphenya ndi a Chisoti anatulukira kumasitepe a alendo, akukambirana za pomangirira riboni. Atafika pagalasi anaima. Kuseri kwa galasilo kunalibe choona. Unali ngati ukuyang'ana khoma ladothi.

"Ndani wachita zimenezi?" Mawu a a Masomphenya anatuluka aang'ono.

"Ndine, bwana."

"Uku n'kuwononga katundu mwadala. Mukudziwa kuti pano ndi pochotsedwa ntchito? Lero lomwe?"

Ndinapukuta dzanja paovololo n'kutulutsa fomu. Anaiwerenga. Anaitembenuza kuseri, kumene kunalibe kanthu, n'kuitembenuzanso.

"Apa palembedwa fungo."

"Ndi limenelo mukulimvali, bwana."

Kenako anafunsa mofatsa, ngati munthu wofunsa dokotala za nthenda yake. "Zimenezi ndi za masabata angati?"

"Za dzulo. Komanso dzulo sanadye bwino, phokoso la omanga limawasokoneza."

"Tsiku lililonse?"

"Ndi Lamlungu lomwe."

A Chisoti anati vuto ndi laling'ono, sefa yangotsekeka, ayiona okha. Anazungulira mbali ya nyama, n'kukweza thalauza pang'ono, n'kuponda sitepe yoyamba. Matailosi onyowa ndi zinthu za Adona ndi oterera kuposa sopo. Tinangoona nsapato ziwiri m'mwamba, kenako phuu! Chisoti chinayandama chokha kupita pakati.

Anavuuka akulavula. Anagwira sitepe, dzanja n'kuterereka. Anaika bondo, bondo n'kuterereka. Anayesa kanayi.

"Sambirani, bwana!" anafuula mayi wa anyani. "Si munaona mavidiyo?"

Ine sindinaseke, chifukwa mamita anayi si masewera. Ndinawaponyera chingwe n'kuwakokera kumakwerero. Atatuluka, udzu uli kukhutu, ndinawauza mwaulemu kuti iwo ali ndi manja awiri, miyendo iwiri yabwino, ndipo salemera ngati galimoto. Anafunsa kumene kuli mpopi.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinalakwitsa. Madzulo a tsiku lomwelo tinaitanidwa ku ofesi, ine ndi dokotala, amene anachita kumuimbira foni kuti abwere.

"Ndaganiza," anatero a Masomphenya. "Mvuu isadye kuyambira lero mpaka Loweruka madzulo. Ikapanda kudya, madzi akhala oyera."

"Nanga Lamlungu?" anafunsa dokotala.

"Lamlungu alendo olemekezeka adzakhala atapita."

"Bwana, zimenezo mulembe nokha, musayine nokha. Ine ndidzangozipereka kwa oyendera malo a nyama akadzabwera."

A Masomphenya anayang'ana cholembera chawo ngati chawaluma kale kamodzi tsiku limenelo. Anachibweza m'thumba.

"Chabwino. Ndiye kuti nyama imeneyi siyikugwirizana ndi masomphenya athu. Kuli paki ina yomwe ingailandire. Lole ibwera Lachisanu."

Paki imeneyo ili ulendo wa masiku awiri. Dokotala anati Adona sakafika amoyo, ndipo iye sasayina chikalata cha ulendo. A Masomphenya anati madokotala ndi ambiri m'dziko muno.

Ndinatuluka mu ofesimo. Ndinapita kudziwe lakale n'kukhala pachidebe. Adona anatulutsa maso m'madzi, anandiyang'ana, n'kupuma mwamphamvu. Ndinali nditawapulumutsa kudziwe n'kuwaponya m'lole. Mayi wa anyani anabwera n'kukhala pambali panga.

Lachisanu cha m'ma naini tinamva hutala kugeti. Inalira, n'kuliranso, osasiya. Ndinapita kukaona.

Geti latsopano anali atalimaliza sabata yomweyo. Ndi akadyansonga awiri asimenti, wina uku wina uku, makosi awo n'kukumana pamwamba ngati akupsompsonana. Pansi pa makosiwo anapachika chikwangwani chamkuwa cha mayina a anthu amene anathandiza ntchitoyi. Lole inaima panja, bokosi lachitsulo lonyamulira mvuu lili pamsana. Bokosilo linapitirira makosi aja ndi mkono wathunthu.

Dalaivala, bambo wonenepa wotafuna kamtengo, anatsika n'kuyang'ana m'mwamba.

"Bwana, wamanga ichi anali ndi njinga yokha?"

"Yesani kuphwetsa matayala," anatero a Chisoti, amene tsopano anali ndi chisoti china.

"Ndikaphwetsa matayala nditsika chikhatho chimodzi. Kwatsalako mundinyamula pamutu? Geti lakumbuyo lili kuti?"

Tonse tinayang'ana kumene kunali geti lakumbuyo. Panali sitolo ya zidole, yopakidwa kale penti, atsikana awiri akupachika timikango tansalu pawindo.

"Ndiye pali ziwiri," anatero dalaivala. "Tidule makosi awa, kapena mvuu yanuyo ituluke yokha idzakwerere kumsewu."

"Kumsewu kuli sukulu ya ana," anatero dokotala. "Ndipo Adona akaona magalimoto amathamanga. Mwendo umachira."

A Masomphenya anayang'ana makosi, n'kuyang'ana chikwangwani chamkuwa. Eni mayina onsewo anali oti abwera mawa lake kudzajambulitsa pansi pake. Anatulutsa kansalu n'kupukuta pakhosi.

"Geti silikhudzidwa," anatero.

Dalaivala anakwera m'lole yake. Asanalize injini anatulutsa mutu pawindo. "Paja Lolemba ndine ndemwe ndibweretsa katapila. Amakwera lole yomweyi, ndipo ndi wamtali kuposa bokosili. Ndibwere kudzaonanso makosi, kapena ndisavutike?"

Mayi wa anyani anapita kukabisala kuseri kwa mwendo wa kadyansonga, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Tsiku lonselo tinagwira ntchito ngati akapolo. Dziwe latsopano tinalikhuthula, n'kulikwecha ndi maburashi mpaka manja kusupuka. Mmisiri amene anaumba akadyansonga anali ataumbanso mvuu yasimenti, yoti ana azikwerapo pabwalo lamasewera. Amuna khumi ndi awiri anaigubuduza pamapaipi, n'kuitsitsa ndi zingwe pamasitepe asanu ndi limodzi aja. Khutu limodzi linathyoka, mmisiri n'kulimata pomwepo. Kenako tinadzazamonso madzi oyera. Dziwe lakale analitchinga ndi malata, n'kukhomapo chikwangwani chakuti malo ano akukonzedwa.

Loweruka riboni inadulidwa. Alendo anatsika n'kuima kuseri kwa galasi. Madzi anali mbee, ndipo pakati penipeni panaima mvuu, kukamwa kuli yasa, mano oyera ngati a mwana. Anthu onse anaomba m'manja. Mayi wina wovala chipewa chachikulu anati sanaonepo mvuu yaukhondo chonchi. Bambo wina anafotokozera ana ake kuti nyamayi imatha kukhala pansi pa madzi nthawi yaitali osapuma, ndipo anayang'ana wotchi kuti awerenge mphindi. Atafika pa makumi awiri anagwedeza mutu n'kunena kuti chilengedwe n'chodabwitsa.

Munthu mmodzi yekha, kamtsikana ka zaka ngati zisanu, kanandikoka ovololo n'kufunsa chifukwa chimene mvuuyo sikuphethira. Ndinakauza kuti kafunse abambo ovala tayi aja.

Tsopano ndili ndi mvuu ziwiri. Ina ndimaitsuka ndere ndi burashi lalitali Lolemba lililonse. Inayo ndimaidulira udzu.

Patapita milungu itatu, a Masomphenya anabwera okha kuseri kwa malata, kumene anali asanapondeko chibwerereni. Anaima patali, kansalu kali pamphuno. Adona anali pamtunda, matope ali thupi lonse, akutafuna mosafulumira. Mayi wa anyani ankatsuka mbale za anyani ake pampopi wapafupi.

"Akulu," anatero a Masomphenya, "mvuu zimakhala ndi moyo zaka zingati?"

"Zosamalidwa bwino zimafika makumi asanu, bwana. Zina zimapitirira."

Ndinaona milomo yawo ikuwerenga. Anayang'ana Adona, n'kuyang'ana malo onse amene magalimoto akanaimapo, n'kubwerera osatsanzika.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero mayi wa anyani akukhuthula madzi. "Achimwene, pano mabwana amakhala zingati?"

"Amene anakhalitsa anakwanitsa zinayi."

"Ndiye Adona atsanzikana ndi awa, ndi obwerawo."

Za mawa sizidziwika, ndipo udzu wamadzulo unali usanadulidwe. Ndinatenga chikwakwa.